Zala Zinayi pa Dzanja la Kadontho

Kadontho anayesa sopo, anayesa mandimu, mpaka anakhula ndi mwala wokhulira mapazi, koma zala zija sizinachoke. Zinali zinayi, zakuda bii, zitandanda pamwamba pa dzanja lake lamanja pomwe anthu amamangapo wotchi, ndipo chala chachikulu chinadinda chakunsi kwake. Ngakhale mwana akanaona kuti zala zimenezo sizinali zake. Zinali zazitali, zokhuthala, zala za mwamuna.

Amene anamuulula anali mankhwala a siliva. Ku koleji, komwe Kadontho ankaphunzira kuyeza zinthu kuti adziwe zomwe zili m'kati mwake ndi kuchuluka kwake, dzulo lake ankayeza mchere wa m'madzi. Mankhwala oyezera mcherewo amaoneka ngati madzi akumwa. Akakudonthera pakhungu sumva kanthu, suona kanthu, umabwerera kwanu ukuimba nyimbo. Koma kuwala kukangowawomba amada, ndipo sachoka mpaka khungu litafundula lokha. Ndiye mnyamata wa chaka chomaliza amene ankathandiza aphunzitsi mu labu, yemwe ophunzira ankamutcha Bwereza chifukwa sankakhulupirira yankho loyamba la munthu aliyense, anasakaniza mankhwalawo osavala magolovesi. Munthu wophunzitsa anzake kusamala ameneyo. Poweruka anamugwira Kadontho padzanja kuseri kwa labu, ndipo sanafulumire kumusiya.

Amayi ake anamupeza pampopi akukhulabe. Anayang'ana dzanjalo, anayang'ana kugeti, kenaka anatsitsa mawu ngakhale kuti amuna awo anali atachoka kale ndi galimoto.

"Kavale juzi ya manja aatali, mwanawe. Bambo ako asaone zimenezi."

"Ndi kutentha kumeneku, amayi? Ndivala mpaka liti?"

Amayiwo anali ndi chifukwa choopera. Bambo a Kadontho anali ndi chitsime chakuya kuseri kwa nyumba, ndi pampu, ndi galimoto ya thanki imene ankaperekera madzi m'makomo. Chaka chatha sukulu ina yogonera konko, yomwe inkatenga madzi kwa iwo, inafuna kuti madziwo ayezedwe ku koleji. Amene anayeza anali Bwereza, ndipo ananena kuti mchere wachuluka. Sukuluyo inawasiya, makomo ena anatsatira, ndipo chimene chinawabaya mtima kuposa zonse n'chakuti anthu anayamba kuwatchula a Mchere akadutsa. Kuyambira pamenepo mnyamatayo analibenso dzina m'nyumbamo, anali wabodza uja basi. Manong'onong'o atawafika akuti mwana wawo akuyenda naye, bambo sanakalipe. Anangonena kuti tsiku limene adzatsimikize, Kadontho adzasankha pakati pa nyumbayo ndi wabodzayo.

Kadontho sanavale juzi. Anatopa n'kubisa, ndipo mtima wake unali utakwera m'mawa umenewo. Anatulutsa m'chikwama botolo la ku labu, anayatsa pampu, anasiya madzi atayike kaye kuti zotsalira m'mapaipi zichoke, anatsukuluza botololo ndi madzi a chitsime omwewo, kenaka analidzaza n'kutseka. Amayi ake atafunsa kuti madziwo ndi a chiyani, iye anati ndi otsekera pakamwa pa anthu.

*

Mu labu munkanunkha asidi ndi sopo monga mwa nthawi zonse. Kadontho anali asanamange n'komwe mabatani a khoti lake loyera pamene Zikhadabo anabwera kudzakhala moyandikana naye. Mtsikana ameneyu dzina analipeza chifukwa cha zikhadabo zake zopentapenta zomwe zinkaboola magolovesi tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense ankadziwa kuti anamusirira Bwereza kuyambira chaka choyamba. Kwawo sikunali kutali ndi kwa Kadontho, ndipo amayi ake anali m'gulu la ochepa amene ankatengabe madzi a thanki.

Zikhadabo anapinda dzanja la khoti lake pang'onopang'ono, ngati munthu wofuna kuonetsa chibangili chatsopano. Pamkono pake panalinso zala zakuda.

"Ndaona kuti tili m'gulu limodzi, asisi," anatero akumwetulira.

Kadontho anapsa mtima. Nsanje ndi yopusa, koma ikafika sigogoda. Iyeyo wakhala m'mawa wonse akukonzeka kumenyana ndi bambo ake chifukwa cha zala zimenezi, pomwe mwini wake ankazigawa ngati masiwiti. Bwereza atafika pa tebulo lawo kudzaona ngati atsuka bwino magalasi, Kadontho anamupatsa ulemu umene sanamupatsepo chiyambire.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Ndaona kuti dzulo manja anu anayenda m'malo ambiri."

Mnyamatayo anamva kuti zavuta, chifukwa Kadontho akayamba kukutchula inu ndiye kuti nyumba ikupsa. Anayang'ana mikono iwiriyo n'kupitirira ku tebulo lina. Posakhalitsa foni ya Kadontho inanjenjemera m'thumba. Uthenga wa Bwereza unati dzulo Zikhadabo ankafuna kukokera asidi m'kapaipi ka galasi ndi pakamwa, ndiye iye anamukoka mkono asanapse milomo, ndipo onse a pa tebulo la Zikhadabo anaona. Kadontho anayankha ndi mawu amodzi okha: "Bwerezani." Foni inanjenjemeranso. "Uyo ndinamugwira kuti asapse. Iwe ndinakugwira chifukwa ndinalephera kudzigwira."

Kadontho anabisa kumwetulira. Sanafune kukhululuka msanga chotero, ndiye anachita zimene anaphunzitsidwa: zinthu ziwiri zikafanana mtundu sindiye kuti n'chimodzi, umayang'anitsitsa kaye. Anayang'anitsitsadi. Zala za pamkono wa Zikhadabo zinali zofufutika, zokokeka chammbali, ngati za munthu wolanda mpeni kwa mwana. Zake zinali zodinda bwinobwino, mpaka timizere ta khungu tinkaoneka.

"Zanuzo n'zofufutika, asisi," anatero mosakweza mawu. "Munthu anangokukokani n'kukusiyani. Zangazi anakhalitsa."

Anyamata a tebulo la kumbuyo anaseka mobisa. Zikhadabo anatsitsa dzanja la khoti, nkhope itauma.

"Ndiye bambo ako aziwerenge bwino madzulo ano. Amayi anga akudikira thanki masana ano, ndipo sasunga nkhani."

Ataweruka, Kadontho anatsalira n'kumuonetsa Bwereza botolo lija. Anamuuza kuti akufuna ayeze yekha madzi a bambo ake ndi manja ake, kuti nkhani ya wabodza ithe. Ankayembekeza kuti mnyamatayo akondwa. M'malo mwake anangotembenuzatembenuza botololo m'manja.

"Ukufuniranji kutakasa zakale?"

"Chifukwa zakalezo n'zimene zakutsekera geti la kwathu."

Bwereza anati lero nthawi yatha, labu aitseka, adzayeze mawa akaweruka. Kadontho anaganiza kuti mnyamatayo akumvera chisoni bambo ake, ndipo anamukonda kwambiri chifukwa cha zimenezo.

*

Anawapeza bambo ake akutsuka galimoto pabwalo, dzuwa likadalipo. Sanatembenuke n'komwe. Anafinya nsanza, anaiyanika pagalasi, kenaka anamuuza kuti atambasule dzanja. Amayi anaima pakhomo la khitchini atagwira m'chiuno ndi manja onse awiri, ngati akuopa kugwa.

Kadontho anatambasula, ndipo anatembenuza dzanjalo kuti chala chachikulu chionekenso. Ngati n'kuona, aone zonse.

"Zala za ndani izi?"

"Mukumudziwa, bambo."

"Wabodza uja."

"Sananame. Galasi loyezera silidziwa kuti chitsime ndi cha ndani."

Bambo anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati chitsime chimenecho anachikumba Kadontho asanamere mano, anamusambitsa ndi madzi amenewo, anamulera nawo, ndipo lero waphunzira mpaka kufika pogwirana manja ndi munthu amene anawasandutsa choseketsa cha mumsewu. Anamufunsa ngati moyo wake wonse anamvapo mchere m'kapu ya m'nyumbamo.

"Lilime limazolowera, bambo. N'chifukwa chake timayeza."

Amayi analowererapo, akuti nkhani zotere sizikambidwa pabwalo anthu akudutsa, akuti mwana apepese, akuti bambo akhale pansi amwe tiyi kaye. Palibe anawamvera. Bambo ndi mwana anayang'anana, ndipo aliyense woona akanadziwa kuti liuma la m'modzi linachokera kwa mnzakeyo. Kadontho anali ndi mantha, koma pakamwa pake panali patathamanga kale kutsogolo.

"Ndatunga madzi anu m'mawa. Mawa ndiyeza ndekha. Mukapezeka kuti munkanena zoona ndinu, ndimusiya ndi pakamwa panga, inu mukumva. Koma akapezeka wolondola ndi iyeyo, mudzamupatsa mpando pakhonde pano."

Bambo anatembenukira kwa akazi awo.

"Amake mwana, mwamva? Sindinamukakamize. Walankhula yekha." Anatola nsanza ija n'kuyambanso kupukuta thanki. "Mawa ndidzakutenga ndekha pageti la koleji."

Kadontho analowa m'nyumba mutu uli m'mwamba. Sanakayike ngakhale pang'ono. Ankamudziwa Bwereza, munthu woti akhoza kubweza kalasi yonse chifukwa cha kathovu kamodzi kotsalira m'galasi, ndipo munthu wotero sakanalakwitsa madzi.

*

Mawa lake ophunzira atatuluka, labu inatsala ndi anthu awiri. Kadontho anamangirira byureti, galasi lalitali lija lokhala ndi timizere ndi kampopi kunsi kwake, n'kuidzaza ndi mankhwala a siliva. Ulendo uno onse anavala magolovesi, ndipo anaseka pang'ono atazindikira.

Sanadumphe kanthu. Anayamba ndi madzi otcheza, opanda mchere ngakhale pang'ono, kuti adziwe zimene mankhwala ndi magalasi zikubweretsa pazokha, asadzanamizire chitsime. Kenaka anayeza madzi amene mchere wake ankaudziwa kale, kuti atsimikize kuti siliva wakeyo sanafooke. Zonse zinatuluka bwino. Pamenepo m'pamene anatsegula botolo la kwawo, anapungula madzi mu fulasiki, kabotolo kagalasi koyezeramo, anadonthezamo mankhwala achikasu, n'kuyamba kutsegula kampopi.

Ntchito yake ndi yosavuta kumva. Siliva akagwera m'madzi amathamangira mchere, ndipo madzi amachita mbuu ngati mwagwera mkaka. Mchere ukadalipo, mtundu umakhalabe wachikasu. Ukangotha, dontho lotsatira limafiiritsa madzi ngati njerwa, ndipo kufiirako sikuchoka ngakhale ukhutchumule bwanji. Mchere ukakhala wambiri umadikira nthawi yaitali. Malinga ndi zimene Bwereza anapeza chaka chatha, Kadontho ankayenera kutsitsa pafupifupi theka la byureti asanaone kufiira. Dzina loti Kadontho analipeza pa ntchito yomweyi, chifukwa m'kalasi monse ndi iye yekha amene ankaima pa dontho lenileni, osapitirira.

Anatsegula, akukhutchumula ndi dzanja lina, maso ali pafulasiki. Mankhwala anali asanatsike ndi kutalika kwa chala chomwe pamene madzi anafiira. Anakhutchumula mwamphamvu. Kufiirako sikunachoke.

Anati mwina fulasiki inali ndi siliva wotsalira. Anatenga ina, anaitsuka ndi madzi otcheza, anayambiranso. Kufiira kunabwera pamzere womwewo. Bwereza, amene pakamwa pake sipankasowa mawu ake aja, ulendo uno sanamuuze kuti abwereze. Kadontho anabwereza yekha kachitatu, akupemphera kuti alakwitse, chinthu chimene sanachipemphererepo chiyambire sukulu. Mzere unali womwewo. Madzi a bambo ake anali abwino, mchere wake wochepa kwambiri.

Anayamba kumufunira mnyamatayo pothawira. Anati mwina mvula yasungunula, mwina chaka chatha kunali chilala, madzi amasintha ndi nyengo. Bwereza anapukusa mutu. Anati chitsime chakuya chotero chikhoza kusintha pang'ono, koma osati chonchi.

"Ndiye zinatheka bwanji? Iwe sulakwitsa."

"Kuyeza ndinayeza bwino. Koma madziwo sindinatunge ndekha."

Kadontho anamuyang'ana osamvetsa. Phunziro loyamba limene mnyamata ameneyu ankawauza ophunzira atsopano linali lakuti ukalakwitsa potunga, zonse zotsatira n'kutaya nthawi, ngakhale ukhale ndi makina odula bwanji. Bwereza anafotokoza akuyang'ana pansi. Nthawi imeneyo mayeso anali atamupanikiza, ndiye Zikhadabo anadzipereka kuti poti kwawo ndi kufupi ndi chitsimecho, amutungira yekha. Anabwera ndi botolo lotseka bwino, iye anangolandira. Sanafunse kuti botololo munkakhala chiyani kale, kapena kuti madziwo anatungidwadi kuti. Dzulo ataona botolo la Kadontho m'pamene mtima unamugunda.

"Ndiye dzulo unkadziwa, n'kundisiya ndikalumbire pamaso pa bambo anga kuti madziwa akakhala abwino ndikusiya?"

"Sindinkadziwa. Ndinkaopa. Ndipo sindinadziwe kuti ukalumbira."

Kadontho anafuna kumuponyera fulasiki. Anakwiya ndi ulesi wake, anakwiya ndi Zikhadabo, anakwiya ndi pakamwa pake pomwe. Chaka chathunthu bambo ake ayenda mumsewu akutchulidwa a Mchere popanda chifukwa, ndipo iye, mwana wawo, wakhala akuwaona ngati munthu wokana zoona. Koma pansi pa mkwiyo wonsewo panali chinthu chimene chinakana kusuntha: ankamukondabe mnyamata wopusayu, ndipo sankafuna kumutaya.

Panja panalira hutala ya galimoto ya thanki. Ankaidziwa bwino.

Dzanja lake linabwerera pa kampopi lokha. Akanangotsegula, mankhwala akanatsika mpaka theka, ndipo bambo akanafuna kuona ndi maso awo akanaona mzere wa chaka chatha. Iwo za kufiira akanazidziwira kuti? Anatsegula pang'ono, madontho anayamba kugwa.

"Tseka," anatero Bwereza.

"Ukudziwa zimene ndinalumbira?"

"Ndikudziwa. Tseka. Ndawalakwira kamodzi osadziwa, sindingalole uwalakwire kachiwiri ukudziwa. Ukawauze zimene waona. Kusukulu yogonera konko ija ndikanena ndekha kuti ndinalakwitsa."

Kadontho anatseka. Misozi inali italengeza, koma anaikaniza. Mnyamatayo anavula khoti kuti apite naye kugeti, iye anamuletsa ndi dzanja.

"Ukhala pompano. Bambo ndi anga."

*

Galimoto inaima pansi pa mtengo kunja kwa geti, injini itazima. Bambo anali atatulutsa chigongono pawindo, akuyang'ana kutsogolo. Kadontho anaima pafupi ndi chitseko chawo ndipo sanazungulire.

"Madzi anu ndi abwino, bambo. Mchere ndi wochepa. Analakwitsa, ndipo akanena yekha kusukulu kuja."

Bambo anatseka maso. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, anapuma mozama, ndipo Kadontho anaona mapewa awo akutsika ngati atula thumba limene analisenza chaka chonse. Anawasangalalira ndi mtima wonse, mpaka anafuna kuwagwira paphewa. Atatsegula maso, mawu awo anali ofewa.

"Ndiye muitane. Umuuze ine ndikumva, tizipita kunyumba."

"Sindimuitana."

"Unalumbira, mwana iwe."

"Ndinalumbira, ndipo ndikuphwanya. Ndimafuna ndikunamizeni lero, bambo, ndinali nditayamba kale. Amene wandiletsa ndi iyeyo, akudziwa kuti akunditaya. Munthu wotero sindingamusiye. Munene kuti wabodza ndine, koma osati iye."

Anadikira kuti akalipe, kuti amenye chiwongolero, kuti anthu a pageti atembenuke. Bambo sanadabwe n'komwe. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anawerama n'kutsegula chitseko cha mbali inayo. Mtima wa Kadontho unadumpha. Anazungulira kutsogolo kwa galimoto, akuganiza kuti akumuuza kuti akwere, akakambirane kunyumba. Pampando panali sutikesi yake yabuluu, yomangidwa ndi lamba pakati chifukwa zipi yake inafa kalekale.

Bambo anaikankhira kuchitseko, iye anailandira osadziwa kuti manja ake akuchita chiyani.

"Amayi ako alongedza m'mawa, akulira. Ndinawauza kuti kaya madzi atuluke bwanji, mwana ameneyu sabwerera. Anatengera ine."

Anakoka chitseko, analiza injini, ndipo galimoto inalowa mumsewu, madzi akukhavuka m'thanki. Kadontho sanaithamangire ndipo sanaitane. Anaima pomwepo mpaka inakhota, sutikesi itamulemera m'manja, khoti loyera likadali m'thupi.

Mlonda wa pageti, amene anaona zonse koma ankachita ngati akuwerenga nyuzipepala, anatsokomola pang'ono.

"Achemwali, katunduyu akulowa kapena akutuluka?"

"Akulowa," anatero Kadontho, ngakhale kuti m'kati monsemo munalibe bedi ngakhale limodzi lomudikira.